Ndinadina batani, manda a aMarita asowa

Ndinapempha malo owonjezera pa seva. Basi. Sindinapemphe kuti andifufutire buku la maliro la parishi yathu. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi, ndipo kampani ya ku Lilongwe imene timabwerekako seva ikundiuzabe kuti nkhani yanga ikuunikidwa. Ikuunikidwa ndi nyali yanji imene siyaka masiku onsewa?

Dzina la kampaniyo sinditchula. Eni ake akudzidziwa. Ndipo ndineneretu, wina asavutike kundikumbutsa m'munsimu: nanenso ndili ndi mlandu. Waukulu. Mwina woposa wawo. Ndifika pamenepo, sindibisa kanthu.

Kwa amene simundidziwa, ndine mlembi mu ofesi ya parishi kuno kumtunda kwa Dedza, mbali ya ku Kaphuka. Zaka khumi ndi zinayi pa mpando womwewu. Mabuku a ubatizo, a maukwati, a maliro, onse amadutsa m'manja mwanga. Chinyezi cha kuno mukuchidziwa. Pepala limachita chuku uli kuliyang'ana. Ndiye chaka chatha ndinayamba kujambula mabuku akale ndi foni yanga, tsamba ndi tsamba, n'kumaika zithunzizo pa seva. Seva ndi kompyuta imene imakhala kwa eni kampaniwo, ife timangoilowa kudzera pa intaneti. Disiki ndiyo nkhokwe yake, mosungira zinthu.

Buku la maliro lili ndi nkhani yake. Katekisiti wathu wakale, malemu a Sitefano, sankangolemba dzina ndi tsiku. Ankalembanso mzere ndi nambala ya manda, kuwerenga kuchokera pa mkungudza umene uli pa geti. "Mzere wachitatu, manda achisanu kuchokera ku mkungudza." Choncho. Mitanda ya matabwa kuno sichedwa kuola. Mitumbira imafanana. Adzukulu amene ankakumba nthawi imeneyo nawonso anagona momwemo. Kumbali yakale ya manda, wodziwa kuti wakuti wagona apa linali buku limenelo lokha.

Milungu itatu yapitayo mu ofesi munalowa a Kosimasi, bambo ocheka matabwa ku Phiri la Dedza. Chipewa m'manja, utuchi ukadali pa jekete. Mayi awo, aMarita, anamwalira iwo ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ana sankawalola kupita kumanda, ndipo maliro atangotha amalume awo anawatenga kukakhala nawo ku Mayani. Mpaka imvi zamera, pamene anagona mayi awo sanapaonepo.

"Mayi, ndamva kuti kuno kuli buku lonena pamene anagona," anatero. "Ndacheka matabwa a mabokosi a anthu ambiri. Amayi anga alibe ngakhale mtanda. Ndikufuna ndiwamangire chiliza ndisanawatsatire."

Ine ndi matama anga ndinatsegula kompyuta. Mphindi zitatu, tsamba lija pamaso panga, inki yabuluu ya a Sitefano. Ndinati apezeka, ali mu mzere wachinayi. Nkhope yawo mukanaiona!

"Mundilembereko pakapepala, mayi, ndikaike m'thumba."

Mukudziwa chimene ndinayankha? Ndinati, "Pepala limatayika, bambo. Izi zili pa seva, sizitayika. Tsiku la chilizalo ndidzakuperekezani ndekha." Cholembera chinali m'dzanja langa. Pepala linali pa tebulo. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Anathokoza, anakhazikitsa tsiku. Loweruka lapitali.

Tsopano mvetserani za Lolemba la sabata yatha.

Ndinkaika zithunzi za buku la ubatizo, seva n'kukana. Malo atha. Nthawi ya 9:40 m'mawa ndinaimba foni ku kampani. Mphindi makumi awiri ndi zisanu ndikumvera kanyimbo kawo. Kenako anayankha bambo wina amene anati ndi a Dalitso, othandiza makasitomala. Anati nkhani yaing'ono, andiwonjezera disiki ya magigabaiti 100. Nthawi ya 10:30 uthenga unabwera: disiki yalowa, kwatsala kuifomata ndi kuilumikiza. Kufomata ndi kuisesa disiki yonse kuti iyambe ngati yatsopano.

Ndinaimbanso, n'kufunsa ngati angandichitire iwowo. A Dalitso anati phukusi lathu ndi lodzichitira tokha, iwo amangopereka malangizo. Ananditumizira mizere inayi yoti ndikopere pa windo lakuda lija limene timalembapo zouza seva. Anati akhala pa foni kuti tiyendere limodzi.

Mzere woyamba, seva inakana. Inati disiki imeneyi ikugwira ntchito.

Ndinafunsa kuti disiki yatsopano, yongobwera kumene, ingakhale bwanji ikugwira kale ntchito? A Dalitso anati zimachitika. Anandipatsa mzere wina woti ndiimasulire. Ndinalemba.

Kachiwiri, seva inandichenjeza. Inati pa disiki imeneyi pali kale zinthu, kodi ndipitirize? Ndinawawerengera uthengawo liwu ndi liwu. Ndinkamva akutafuna kanthu.

"Imafunsa choncho nthawi zonse, mayi. Ingovomerani."

Apa ndi pamene ndiyenera kuweramitsa mutu. Mu dirowa yanga muli kabuku kobiriwira. Tsiku limene kampaniyi inatikonzera seva, ndinalembamo ndi dzanja langa kuti zithunzi zonse zikukhala pa disiki yachiwiri. Mzere umene a Dalitso ananditumizira unkanena disiki yachiwiri. Yatsopanoyo inali yachitatu. Mtima unandiuza kuti tsegula dirowa. Dirowayo inali pafupi ndi bondo langa. Koma lole yogula mbatata inali itafika kumunda kwathu, abambo akunyumba anali ataimba katatu kuti ndifulumire ogula asapite kwa ena. Maganizo anali pa matumba a kachewere. Makina anandichenjeza kawiri, ine ndinasankha kumvera munthu amene akutafuna.

Nthawi ya 10:52 ndinadina batani lovomera. Sizinatenge ngakhale nthawi yothira shuga mu tiyi.

A Dalitso anati tiyese ngati zatheka, ndiikepo zithunzi. Ndinaikapo za ubatizo zija, zinalowa bwinobwino. Ndinawathokoza. Inde, ndinawathokoza! Uthenga wofunsa mmene andithandizira utabwera, ndinawapatsa nyenyezi zisanu. Ndinatseka ofesi, ulendo wa kumunda.

Lachiwiri, 8:15 m'mawa, ndinatsegula pamene pamakhala buku la maliro. Mbee. La maukwati, mbee. Miyezi isanu ndi itatu ya kujambula, palibe ngakhale tsamba limodzi.

Mukuganiza kuti nanga si buku lenileni lilipo? Inenso ndinaganiza choncho, ndipo ndinathamanga. Nditamaliza kujambula mabuku a maliro ndi a maukwati chaka chatha, Bambo Mfumu anandifunsa kuti mabuku akalewa tiwasunge kuti. Ine yemweyu ndinati akakhale mu sitolo yakale kuseri kwa holo, ndikufuna malo pa shelefu, zonse zili pa seva. Bambo Mfumu anakayikira. Anati denga lija silidontha? Ndinati ndikaika pulasitiki. Sindinakaike. Amayi a bungwe anasungamo mbewu yawo ya mbatata, anakankhira katoni ya mabuku kukona, pomwe pamadontha penipeni. Nditaitsegula, buku la maliro linali gwa ngati njerwa. Nditalikakamiza kutseguka, m'kati munali dothi la chiswe. Zaka za aMarita, chiswe chinadya zonse.

Nanga foni imene ndinajambulira? Ndinafufuta zithunzizo miyezi inayi yapitayo kuti mulowe mavidiyo a chinkhoswe cha mwana wanga. Ndili ndi vidiyo ya mphindi makumi anayi ya anthu akuvina ndi kuponya ndalama. Tsamba la a Sitefano ndilibe.

Ndinakhala pansi mu sitolomo, pakati pa matumba a mbewu, ndinalira.

Tsopano kampani.

Tsiku lomwelo, 9:05, ndinaimba. Anayankha mayi wina. A Dalitso akuti ali pa tchuthi. Anandipatsa nambala ya dandaulo. Ndinafunsa za bakapu, kope lapadera limene amati amasunga. Pa chikwangwani chawo pa intaneti analemba zilembo zikuluzikulu kuti zinthu zanu ndi zotetezeka. Mayiyo anati bakapu imayamba kasitomala akachonga kabokosi, ife sitinachonge. Kabokosi kati? Akuti anatumiza imelo. Ndinafufuza, ndinaipeza. Yosatsegula, ya chaka chatha, masamba atatu a Chingerezi cha maloya. Chabwino. Imeneyonso ndaisenza.

Koma ndinafunsa funso limodzi. Pa kompyuta yanu simukuona kuti seva yathu ili ndi madisiki atatu? Anati akuona. Nanga a Dalitso sankaona? Anati ayenera kuti ankaona. Nanga n'chifukwa chiyani anandiuza kuti ndisese yachiwiri? Anati malangizo amenewo ndi olembedwa kale, amatumizira aliyense, chifukwa makasitomala ambiri amakhala ndi disiki imodzi, ndiye yatsopano imakhala yachiwiri.

Mwamva? Mankhwala amodzi, odwala onse. Yachiwiriyo anatiikira ndani, si inu nomwe?

Lachitatu ndinapita kwa alamu anga, amene amaphunzitsa makompyuta ku sekondale. Anandimvetsera mpaka kumapeto, osandidzudzula. Anati kufomata nthawi zambiri kumangochotsa kalozera wa pamene zinthu zili, zithunzi zambiri zimakhala zikadalipo pansi. Zimene ndinaikapo pambuyo pake ziyenera kuti zinaphimba zina, koma osati zonse. Anati chachikulu, disikiyo asaikhudzenso munthu aliyense. A kampani akatipatsa kope lake, iwo ayesa kuvuula zimene zatsala.

Ndinapumako. Nthawi ya 2:10 masana ndinaimba ku kampani, n'kunena momveka kuti disiki yachiwiri musaikhudze. Ndinalembanso imelo, mawu omwewo m'zilembo zikuluzikulu. Anati alemba pa dandaulo langa.

Madzulo omwewo a Kosimasi anaimba. Mawu awo anali a chimwemwe.

"Mayi, mwala wafika. Dzina alemba bwino zedi. Achemwali anga akubwera Lachisanu. Zonse zili m'malo kumeneko?"

Ndinati zonse zili bwino. Ndinanama. Ndinkayembekeza kuti pofika Loweruka tsamba lija likhala litavuuka, iwo osadziwa kuti linamirapo. Ndikananena zoona, akanaimitsa abale, sakanalipira ngolo, sakanachita manyazi pamaso pa anthu. Ndinateteza nkhope yanga.

Lachinayi, 11:05, uthenga pa foni: "Vuto lanu lakonzedwa. Tachotsa disiki yowonongeka ndipo takupatsani ina yatsopano mwaulere. Zikomo posankha ife."

Ndinawerenga katatu. Ndinaimba pomwepo. Bambo wina wachitatu anati wogwira ntchito ya tsikulo anaona dandaulo lonena za disiki yovuta, ndiye anathandiza mwachangu. Nanga mawu anga akuti musaikhudze? Akuti anali m'munsi, sanafikeko powerenga. Nanga disiki yochotsedwayo ingabwezedwe? Akuti ikachotsedwa malo ake amapatsidwa kwa ena nthawi yomweyo.

Masiku awiri osandithandiza. Nditangowapempha kuti asachite kanthu, ndi pamene anakhala akhama.

Lachisanu ndinakwera minibasi ya m'mawa kupita ku Lilongwe. Ndinafika pa ofesi yawo 10:20. Anandikhazika pa sofa mpaka 12:45. Bwana wawo atatuluka, wa tayi yofiira, anandimvetsera maso ali pa foni. Ndinamufotokozera za a Kosimasi, za mwala, za mkungudza. Anati akumvetsa ululu wanga. Anati malinga ndi mgwirizano, amene analemba lamulo lofomata ndi kasitomala. Ndinati ndi zoona, chala chinali changa, koma mawu anali a wantchito wanu, tiyeni timvere limodzi foni imene munajambula, paja mumanena kuti mumajambula. Anati zojambulazo ndi zophunzitsira antchito okha. Kenako anapinda manja n'kundiuza kuti, "Mayi, madzi akatayika saoleka."

Mwambi kwa ine! Amene anagwedeza ndowa ndani? Amene anabwera kudzapondaponda pamene madzi anatayikira, ine ndikukuwa kuti dikirani, ndani?

Potuluka anandipatsa kapu yolembedwa dzina la kampani. Ndinaisiya pa sofa pomwepo.

Loweruka linafika. Nkhungu inali isanachoke pamene ngolo inaima pa geti la manda. Mwala wokutidwa ndi chitenje, simenti, mchenga. Abale ochokera ku Mayani, achemwali awo aRozina, amayi a kwaya angapo. A Kosimasi atavala jekete yakuda yowakulira mapewa. Atandiona anamwetulira n'kuvula chipewa.

Ndinawaitanira pambali. Ndinawauza zonse: disiki, batani, chiswe, chinkhoswe, bodza la Lachitatu. Kampani ndinaitchula pang'ono. Pamaso pa bambo amene uja sikunali kobisala.

ARozina, amene anamva zonse, ndiwo anandiyankha.

"Achimwene anakupemphani kapepala. Kapepala kokha, mayi. Kanakuvutani chiyani?"

A Kosimasi anagwira aRozina pa mkono kuti aleke.

Tinapita ku mzere wachinayi, poti umenewo ndimaukumbukira. Muli manda khumi ndi asanu ndi anayi. Asanu ali ndi ziliza. Khumi ndi anayi ndi mitumbira chabe, udzu ndi chisoso. Wachibale wina anati tingosankha apakati, Mulungu akudziwa. Ena anakana. Kumanga chiliza pa manda a eni ndi mlandu, komanso ndi kulanda mayi wa munthu wina.

A Kosimasi anatembenukira kwa ine.

"Mayi, inu tsambalo munaliona ndi maso anu. Lozani. Pamene muloze, ine ndikhulupirira."

Anthu inu, ndinayesedwa. Kungotambasula dzanja, kunena kuti apa, mwambo ukanachitika, kwaya ikanaimba, ine ndikanapita kwathu. Palibe akananditsutsa, buku kulibe. Ndinatseka maso kufuna kuliona tsamba lija. Inki yabuluu ndinaiona. Dzina ndinaliona. Nambala ayi.

Ndinati, "Sindikudziwa, bambo. Ndikhululukireni."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anayenda mzere wonse, kuima pa mtumbira uliwonse. Atafika kumapeto anabwerera, anavula jekete ija n'kuipachika pa nthambi, anatenga khasu pa ngolo.

"Mmodzi mwa awa ndi amayi," anatero. "Tilambule onse."

Analambula manda khumi ndi anayi. Abale anathandiza, kwaya inaimba motsitsa. Ine ndinazula udzu ndi manja, palibe anandiletsa, palibenso anandiyankhula. Simenti inabwerera pa ngolo. Mwala anautsamiritsa pa mkungudza, a Kosimasi anati ukhale pomwepo mpaka tsiku limene adzadziwe.

Ndiye inu a kampani, ndikudziwa mukuwerenga. Disiki yanu yaulere sindikuifuna. Ndikufuna mayankho atatu. N'chifukwa chiyani wantchito wanu anandiuza kuti ndivomere chenjezo asanayang'ane seva yathu, pamene inali pamaso pake? Ndani anachotsa disiki imene ndinalemba kuti musaikhudze? Ndipo mwafufuzadi m'makina anu onse kuti palibe kope lotsala, kapena mwangotopa nane? Ndikufuna tsamba limodzi. Limodzi lokha. Ena onse ndidzayenda khomo ndi khomo kufunsa okalamba.

Inu anzanga a m'maofesi a mipingo, masukulu ndi zipatala amene mwayamba kusunga zinthu pa seva, phunzirani pa ine. Musanawonjezere disiki, koperani zonse kwina. Funsani kuti muli ndi madisiki angati, yatsopano ndi iti, ndipo onani kukula kwake ndi maso anu. Makina akakufunsani kawiri, imani, ngakhale lole ikulira hutala kumunda. Buku lakale musalitaye kukona chifukwa mwalijambula. Ndipo munthu akakupemphani kapepala, mulembereni.

Zenera la ofesi yanga linayang'ana ku geti la manda. Chitenje chija chinagwa ndi mphepo, dzina la aMarita likuwerengeka ndili pa mpando. A Kosimasi anadutsa dzulo popita kuphiri. Anaima pa mwalawo, anaupukuta mame ndi chipewa, kenako anandiona pa zenera n'kundipatsa moni mwaulemu ngati kale.

Bola akananditukwana.